Ku Chongwe ndaona zimene manja a namwino angathe

Anzanga akapita ku Zambia amabwerako ndi nkhani za mathithi a ku Livingstone, za misika ya mu Lusaka, kapena za chikanda chimene anadya panjira. Ine ndabwerako ndi nkhani ya anamwino, ndipo aliyense amene wabwera kudzandizonda masiku ano wayimva, afune asafune. Ndine munthu wa choko ndi bolodi, za chipatala ndimazidziwira pa benchi ya odwala basi. Koma zimene ndaona m'boma la Chongwe zandilowa mumtima, moti ndikanakhala mnyamata bwenzi pano ndikufunsafunsa za fomu yolowera sukulu ya unamwino.

Chinandipititsa kumeneko ndi mwana wa mlongo wanga. Mayi ake anakwatiwa kutsidya kwa malire a Mwami, iye anakulira ku Chipata, ndipo lero ndi namwino pa kachipatala kena ka boma m'midzi ya Chongwe. Anakhala akundiitana kuti, "Amalume, mudzaoneko kumene ndimagwira ntchito," mpaka ndinasowa chokanira. Basi yochokera ku Chipata imatsata msewu wa Great East, imawoloka mlatho wa Luangwa, imalimbana ndi mapiri, kenaka imakutula pa Chongwe kutatsala makilomita pafupifupi 45 kuti ulowe mu Lusaka. Limeneli ndi dziko la Asoli, la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, kwawo kwa mwambo wopempha mvula wa Chakwela Makumbi. Kalembera wa 2022 anapezamo anthu oposa 300,000. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lomweli, yunivesite ya Chalimbana ilinso momwemo. Komabe ukangosiya tara n'kulowa mumsewu wafumbi, suchedwa kukumana ndi ngolo ya ng'ombe itanyamula wodwala.

M'chipinda choonera odwala sindinapondemo, chifukwa chinsinsi cha wodwala si cha mlendo. Malo anga anali pakhonde. Dzuwa lisanayambe kuwawa, mzere unali utakhota kale kuseri kwa nyumba: amayi obereka ana kumbuyo, makadi a sikelo atawakulunga m'mapepala a pulasitiki, agogo a ndodo, anyamata odzatenga mankhwala awo a miyezi ingapo. Namwino asanatsegule n'kaundula yemwe, anayamba wayenda mumzerewo akuyang'ana nkhope imodziimodzi. Mwana wina amene ankapuma mobanika anamuchotsa kumapeto n'kulowa naye poyamba, ndipo palibe amene anang'ung'udza. Ndinamva mtsikana amene ndinkamunyamula pamapewa ali khanda akulonjera agogo m'Chisoli, akuyankha mayi wina m'Chibemba, akuseka ndi mtsikana mnzake m'Chinyanja cha mu Lusaka. Onse, ngakhale aimvi, ankamuitana kuti "ba Sista". Dokotala panalibe, ndipo palibe amene ankamudikira.

Mwana wotentha thupi akafika, amamubaya pachala, kadontho ka magazi n'kudonthezera pa kachipangizo, pakatha mphindi 15 zadziwika ngati ali malungo. Akapezeka nawo amalandira Coartem, mankhwala omwe aja kwathu timati LA, amene Zambia inali m'gulu la mayiko oyamba mu Africa kuwasankha kukhala mankhwala oyambira pa malungo. Mwana wooneka wonyentchera amamukulunga kalamba wa mitundu itatu pamkono, ndipo akafika pofiira, kutanthauza kuti mkonowo sukukwana masentimita 11.5, sabwerera kunyumba chimanjamanja. Pakona pali firiji ya katemera yoyendera mphamvu ya dzuwa. M'mawa ndi madzulo namwino amalemba kuzizira kwake papepala lomata pachitseko, chifukwa katemera akatuluka pakati pa madigiri 2 ndi 8 amatha mphamvu osasintha maonekedwe. Munthu mmodzi yemweyo ndiye woyeza, wolemba mankhwala, wobaya jakisoni, wosunga mabuku, wolangiza za kulera.

Madzulo tikudya nsima ndinalephera kupirira. "Mwanawe, mphamvu yolembera anthu mankhwala anakupatsa ndani?" Anaseka n'kunena kuti, "Lamulo, amalume." Nkhani ya lamulolo ndi imene inandikhazika pansi. Bungwe loyang'anira anamwino m'dzikomo, General Nursing Council of Zambia, linakhazikitsidwa mu 1970, ndipo kwa zaka zambiri namwino ankatengedwa ngati wongokwaniritsa zimene dokotala walemba. Koma kumidzi dokotalayo kunalibe, ndiye anamwino ankayeza ndi kupereka mankhwala chifukwa sakanaonerera munthu akufa, ngakhale kuti lamulo silinkawateteza mokwanira. Mu 1997 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la anamwino ndi azamba. Linawalola kuyeza wodwala, kutchula matenda, kulemba mankhwala a pamndandanda wovomerezeka, ngakhalenso kutsegula malo awoawo osamalirapo odwala. Boma linavomereza poyera zimene anthu a kumudzi ankazidziwa kale, kuti chipatala chawo ndi namwino.

Mu 2019 lamulolo linalembedwanso, ndipo bungwe lija linasintha dzina kukhala Nursing and Midwifery Council of Zambia, azamba n'kutchulidwa nawo padzina. Chilolezo chogwirira ntchito amachikonzanso chaka ndi chaka, ndipo namwino amayenera kuonetsa kuti wakhala akuwonjezera maphunziro. Kale anamwino ambiri a kumidzi anali a satifiketi ya zaka 2. Maphunziro amenewo boma linawatseka, olowa kumene amaphunzira dipuloma ya zaka 3, ndipo akale aja ambiri anabwerera m'kalasi kukakweza mapepala awo ali ndi ana akuluakulu kunyumba. Monga mphunzitsi, zimenezi zinandisangalatsa kuposa zonse: mphamvu anawapatsa, koma anazimangirira ku sukulu ndi ku mayeso.

Mphamvuzo zinaoneka phindu lake pa nthawi ya mliri wa Edzi. Ma ARV atayamba kuperekedwa m'zipatala za boma, madokotala anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi khamu lofuna mankhwala. Mu 2009 Zambia inayamba maphunziro apadera a chaka chimodzi ophunzitsa anamwino kuyambitsa munthu ma ARV ndi kumutsatira, ndipo gulu loyamba linali la anamwino 30. Lero munthu wa ku Kanakantapa kapena ku Katoba, m'midzi ya Chongwe, safunika kulipira basi ya ku Lusaka kuti ayambe mankhwala. Amayezetsa pafupi ndi kwawo, akapezeka ndi kachirombo amayamba tsiku lomwelo ngati ali wokonzeka, piritsi limodzi patsiku, ndipo magazi ake akaonetsa kuti kachirombo kagona amapatsidwa mankhwala a miyezi mpaka 6. Onjezani pamenepo kuti mu Epulo 2006 boma la Levy Mwanawasa linathetsa ndalama zolipira m'zipatala zazing'ono za kumidzi, ndipo mu 2012 zinathetsedwa m'zipatala zazing'ono za dziko lonse. Khomo linatseguka kwa wosauka, ndipo amene anaima pakhomopo kumulandira anali namwino.

Chimene chinandisiya kukamwa kuli yasa ndi viniga. Inde, viniga yemwe uja timathira m'kabichi. Khansa ya khomo la chiberekero ndi imene imagwira amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse ku Zambia, monganso ku Malawi kwathu kuno. M'mayiko olemera amayeza potumiza zoyeza ku labotale, mayi n'kudikira zotsatira masabata angapo. Kwa mayi woyenda wapansi mtunda wautali, kudikira koteroko n'kumutaya. Mu 2006, Pulofesa Groesbeck Parham ndi Dokotala Mulindi Mwanahamuntu anayambitsa ku Lusaka ntchito yoyeza khansayi yoika namwino patsogolo. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero ndi kathonje, amadikira mphindi imodzi kapena kupitirirako pang'ono, ndipo malo amene ayamba kuwonongeka amayera mbuu. Amajambula ndi kamera, chithunzi n'kuchikulitsa, mayiyo n'kudzionera yekha chimene chikukambidwa. Ngati malowo ndi aang'ono, namwino yemweyo amawapsereza tsiku lomwelo ndi mpweya wozizira kwambiri kapena ndi kachipangizo kotentha. Zokayikitsa amazitumiza kwa dokotala.

Tangoganizani. Matenda amene amasiya ana amasiye, namwino akuwatsekereza asanayambe, ndi botolo la viniga, thonje, nyali ndi maso ophunzitsidwa bwino. Mwana wa mlongo wanga anachita maphunziro amenewa, ndipo akamafotokoza maso ake amawala. Anandiuzanso kuti Chongwe, pamodzi ndi Lusaka ndi Kafue, ndi kumene kunayesedwa koyamba katemera wa HPV woteteza atsikana ku khansayi mu 2013, ntchito imene Dokotala Christine Kaseba, mkazi wa Pulezidenti Michael Sata, anaikapo mtima kwambiri. Mu 2019 katemerayu anafalikira dziko lonse. Amene ananyamula mabokosi ozizira kupita nawo m'masukulu, amene anakhala pansi ndi makolo oopa kuti ana awo adzasowa mphatso, anali anamwino. Atsikana a Chongwe amene anabayidwa m'chaka choyamba chija lero ndi amayi aakulu.

Nyumba ya namwino ili pafupi ndi chipatala, ndipo usiku wa kumeneko si wogona tulo tofa nato. Usiku wina ndinamva kugogoda pawindo ndi mawu a mzimayi akuti, "Odi ba Sista, tabwera ndi wodwala." Wogogodayo anali wa gulu lodzipereka lotchedwa SMAG, amayi ndi abambo a m'mudzi amene amalemba amayi oyembekezera, kuwakumbutsa za sikelo ndi kuwaperekeza tsiku likakwana. Ena mwa iwo ndi azamba a m'mudzi akale, amene tsopano ntchito yawo ndi kubweretsa mayi kuchipatala m'malo momuchiritsira kunyumba. Namwino anavala nsapato, anatenga tochi, anatuluka. Anabwerako kutacha, n'kungoti, "Wamkazi, onse ali bwino," kenaka anasamba n'kubwerera kumzere wa m'mawa.

Tsiku lina anandionetsa pepala losalembedwa la mtundu umene amagwiritsa ntchito usiku wotere. Lili ndi mizere iwiri yopendekera. Mzamba amalembapo m'mene njira ikutsegukira, kugunda kwa mtima wa mwana ndi kuthamanga kwa magazi a mayi. Zolemba za kutseguka kwa njirazo zikadumpha mzere woyamba, ndiye kuti tcheru. Zikayandikira wachiwiri, foni iyenera kukhala italira kale ku chipatala cha boma pa Chongwe kuti ambulansi inyamuke, ndipo zikakula amapitirira ku chipatala chachikulu cha Levy Mwanawasa kapena cha UTH mu Lusaka. Mwana akangobadwa, mayi amabayidwa oxytocin kuti asataye magazi ambiri. Wa magazi othamanga kwambiri amene wayamba kukomoka amalandira magnesium sulphate asanakwere galimoto. Luso lalikulu la mzamba wa kumudzi ndi kudziwa nthawi yonena kuti izi zandipitirira, ndipo kudziwa msanga.

Zotsatira zake zili m'mabuku a boma. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2007 anapeza kuti ana 48 pa 100 alionse ankabadwira kuchipatala, pamene wa 2018 anapeza 84. Imfa za amayi zokhudzana ndi pakati zinatsika kuchoka pa 591 kufika pa 278 pa ana 100,000 obadwa amoyo. Mu 2008 dzikolo linayamba kuphunzitsa azamba olowa mwachindunji, osadikira kuti ayambe akhala anamwino kwa zaka. Mu 2012 gulu loyamba la othandiza zaumoyo m'midzi, anthu 307 ophunzitsidwa chaka chathunthu ku Ndola, linayamba ntchito, ofananako ndi alangizi athu a zaumoyo. Koma nambala 278 ya mu 2018 ija inali idakali yaikulu, ndipo anamwino eni ake ndi amene amayamba kunena zimenezo.

Funso limene linkandizunguza linali lakuti, kodi mtsikana wophunzira bwino chonchi amakhaliranji kumudzi, Lusaka ali pamphuno? Yankho lina ndinalipeza ku Mpanshya, m'boma la Rufunsa limene linali mbali ya Chongwe mpaka m'nthawi ya Pulezidenti Sata. Kumeneko kuli chipatala cha mishoni cha St Luke's ndi sukulu yake ya unamwino. Vuto la masukulu ambiri ndi lakuti ophunzira amaunjikana m'chipatala chimodzi, khumi kuzungulira bedi limodzi, ena n'kumaliza maphunziro atangoonerera. A St Luke's, mothandizidwa ndi bungwe la ku Switzerland la SolidarMed, anagawa ophunzira awo m'zipatala zitatu: cha Mpanshya, cha boma cha Chongwe, ndi cha Sacred Heart ku Katondwe m'boma la Luangwa. Malo alionse ali ndi mlangizi wakewake woima pambali pa wophunzira m'wodi, ndipo ophunzira amasinthana malo. Pa Chongwe amakumana ndi khamu la m'tauni ndi ngozi za pamsewu waukulu, ku Katondwe amaona matenda a m'chigwa chotentha, kutali ndi thandizo lina lililonse.

Nzeru yake ndi ya mlimi: mbande yofesedwa m'dothi lofanana ndi la kumunda sifota ukaiwokera. Wophunzira amene wachiritsa mayi ndi tochi, amene waphunzira kusunga madzi m'ndowa chifukwa mpopi ukhoza kuuma, sadabwa akatumizidwa kumudzi. Njira imeneyi imathandizanso kuti sukulu itenge ophunzira ambiri popanda kumanga chipatala chatsopano, ndipo yayamba kutsatiridwa m'masukulu ena a m'zigawo zina. Bungwe lomwelo linaona kuti namwino sangakhazikike popanda pogona pabwino, ndiye linamanganso nyumba za ogwira ntchito zachipatala m'maboma omwewa. Chongwe anakhalaponso malo oyeserapo ntchito ina yotchedwa BHOMA, imene inachitika m'zipatala 42 za Chongwe, Kafue ndi Luangwa, yolimbikitsa kuti wodwala aliyense ayezedwe kutentha kwa thupi, kuthamanga kwa magazi ndi kulemera kwake, komanso kuti alangizi aziyendera anamwino pamalo awo a ntchito. Boma limeneli lakhala ngati kalasi ya dziko lonse pa nkhani za unamwino.

Kukonda chinthu sikutseka maso. Ntchitoyi ili ndi minga zake, ndipo anamwino sazibisa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ambiri anapita ku Britain, ku Botswana ndi ku South Africa kukasaka malipiro abwino. Kumapeto kwa 2013 anamwino ananyanyala ntchito podandaula za malipiro, boma n'kuchotsa mazana angapo, ndipo anabwezeretsedwa chaka chathunthu chitadutsa. Mu 2023 bungwe la WHO linaika Zambia pamndandanda wa mayiko 55 osowa kwambiri ogwira ntchito zachipatala, mndandanda umene Malawi analimonso. Chodabwitsa n'chakuti m'dziko lomwelo muli anamwino ambirimbiri omaliza maphunziro amene alibe ntchito, ena akugwira mongodzipereka kwa zaka, akuyembekeza kuti dzina lawo lidzatuluka. Ndinakumana nawo otere, yunifolomu yoyera bwino yogula ndi ndalama za makolo. Pali masiku amene shelefu ya mankhwala imakhala yopepuka, ndipo namwino ndi amene amayang'anizana ndi wodwala n'kumuuza kuti akagule.

N'chifukwa chake chaka cha 2022 amachikumbukira. Boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linalemba ntchito anthu a zaumoyo 11,276 nthawi imodzi, ndipo nduna ya zaumoyo imene inalengeza anali Mayi Sylvia Masebo, phungu wa Chongwe yemweyu. M'mabanja ambiri munali nthungululu tsiku limene mayina anatuluka. Pa kachipatala kamene kanali ndi namwino mmodzi, kubwera kwa wachiwiri kumatanthauza kuti munthu akhoza kupita kumaliro a mayi ake osatseka chipatala. Posakhalitsa manja atsopanowo anayesedwa. Kolera inabuka mu Okutobala 2023, inadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, mpaka bwalo la mpira la National Heroes mu Lusaka linasanduka chipatala. Amene ankasaka mtsempha pamkono wa munthu wouma madzi kuti amuike diripi, usiku ndi usana, anali anamwino.

Ndikudziwa kuti ku Mchinji, ku Dedza ndi ku Nsanje namwino wathu amasenza katundu wofanana ndi ameneyu. Iyenso amayambitsa ma ARV, amachiritsa amayi, amayeza ndi viniga. Chimene Chongwe wandionetsa ndi m'mene zinthu zitatu zimagwirirana: lamulo lomukhulupirira namwino, sukulu yomuphunzitsira kumene adzagwire ntchito, ndi boma lomulemba ntchito n'kumupatsa nyumba. Chimodzi chikasowa, zinazo zimatsimphina. Lamulo lopanda maphunziro ndi ngozi kwa wodwala, ndipo maphunziro opanda ntchito amangokonzera mayiko a eni antchito aulere.

Kwa aphungu ndi nduna za mbali zonse ziwiri za malire, pempho langa ndi lakuti namwino amene mwamuphunzitsa mulembeni ntchito, mumumangire nyumba pafupi ndi chipatala, ndipo muonetsetse kuti shelefu yake ili ndi mankhwala. Kwa aphunzitsi anzanga ndi makolo, mwana akanena kuti akufuna unamwino, kaya ndi mtsikana kaya ndi mnyamata, musamuone ngati walephera udokotala. Mulimbikitseni pa sayansi ndi masamu, chifukwa kumene akupitako adzafunika kuganiza yekha pakati pa usiku. Ndipo inu owerenga, mukadzapita kuchipatala cha kwanu n'kupeza mzere wautali, musayambe ndi kukalipa. Werengani anthu amene ali pabenchi, muwerengenso anamwino amene ali mkati, kenaka funso lanu mukalipereke kwa phungu wanu.